Bere Lamanzere

Ndinachoka kwa mkazi wanga chaka chimene bere langa lamanzere linayamba kutupa. Sindikumbuka kuti chinali chaka chiti. Ndimangokumbuka kuti mango anali asanapse, ndipo kunkatentha koti amuna onse a m'mudzimo ankayenda osavala malaya.

Poyamba kanali kambulu kakang'ono ngati njere ya nandolo, kuseri kwa nsonga ya bere. Sikankapweteka. Amene anayamba kukaona ndi mkazi wanga Esinati, tsiku lina akunditsuka kumsana kubafa. Anakagwira ndi chala, naseka.

"Kodi inu, mwayamba kumera mawere ukulu uno?"

Sananene moipa ayi. Koma iye anauza mng'ono wake, mng'ono wakeyo anauza mwamuna wake, ndipo ine pamudzipo ndinali mkamwini, munthu wobwera. Posakhalitsa, ndikudutsa pamene amuna ankasewera bawo, mlamu wanga wina anakuwa: "Alamu, tabwerani mudzatiyamwitsire mwanayu, amake apita kuchigayo!" Anthu anaseka mpaka kutaya njere za bawo. Nanenso ndinaseka nawo, pakamwa pokha.

Ndinauza Esinati kuti ndikukasaka ganyu, ndibwera mvula ikagwa. Anandipindira malaya awiri, nandiperekeza mpaka pamphambano.

Ndinayenda. Misewu ya nthawi imeneyo ndimaikumbuka ngati msewu umodzi wautali, wafumbi lofiira, wokhala ndi mlatho wamatabwa pakati. Pena ndinkakwera lole, pena njinga ya munthu, kawirikawiri wapansi. Ndinakaima pamudzi wina wa m'mbali mwa dambo, pamene mwamuna aliyense ankaumba njerwa. Mwini uvuni waukulu anali a Jailosi, bambo wamfupi wa mawu aakulu. Anandiphunzitsa kuponda dothi mpaka lifewe lonse mofanana, kunyowetsa chikombole, kutembenuza njerwa yaiwisi osaiswa m'mphepete. Ndinaphunzira msanga. A Jailosi ankati manja anga ndi aulemu.

Koma m'dzenje la dothi munthu salowa ndi malaya. Anzanga onse ankakoleka awo pamtengo, misana ili nyezinyezi ndi thukuta. Ine ndekha ndinkaponda nditamanga mabatani mpaka m'khosi.

"Mnzathu, malayawo ndi a ukwati?" ankandifunsa.

"Ndili ndi chifuwa," ndinkayankha. "Mphepo imandilowa."

Ndinakhala pamenepo chilimwe chonse, kaya ndi china pamwamba pake. Kambulu kaja kanakula, nsonga ya bere n'kulowa m'kati. Tsiku lina ndinaterereka n'kugwera m'thope lamadzimadzi, malaya n'kumatirira pathupi. A Jailosi atandigwira dzanja kuti andidzutse, maso awo anaima pachifuwa panga. Sanaseke.

"Kodi chimenecho chinayamba liti?"

"Chiti?"

"Iyayi, palibe," anatero, nayang'ana kumbali.

Bwenzi atangondiseka. Kusekedwa ndinali nditakudziwa kale. Chisoni chawocho ndi chimene chinandithamangitsa. M'mamawa mwake ndinanyamuka, uvuni umene ndinasanja ndi manja anga usanayatsidwe.

Kenako kunali phiri, ndi nkhalango ya mapaini. Kumeneko kunkazizira, ndipo ndinakondwa, poti aliyense ankavala zokhuthala. Ndinalowa ntchito yocheka matabwa ndi a Lupiya, munthu wamtali wosakonda kulankhula. Iwo ankaima pamwamba pa chipika, ine m'dzenje pansi pake, sowo yaitali ili pakati pathu. Anandiphunzitsa kutsata mzere wa makala, kunola mano a sowo, ndi kukoka mosalimbana ndi mnzako. Utuchi unkandigwera m'mutu tsiku lonse ngati mvula yowaza. Masiku ankafanana kwambiri moti mwina ndinakhalako chaka, mwina mwezi wokha.

Kumeneko m'khwapa munatuluka mwanabere wosaphwa. Dzanja lamanzere linayamba kulemera, ndipo sowo inayamba kuphonya mzere. Tsiku lina a Lupiya anasiya kukoka. Anali akundiyang'ana ali pamwambapo.

"Magazi ali pamalayawo si a sowo," anatero.

Iwo anatsika, navala chipewa, nanditsogolera kuseri kwa phiri kwa sing'anga wina amene ankamudziwa. M'kanyumba kake ndinavula malaya koyamba pamaso pa munthu chichokereni kwa Esinati. Sing'angayo anayang'ana, napukusa mutu.

"Pali munthu akufuna kukusandutsa mkazi," anatero. "Ntchito yake yafika pakati."

Ananditema mphini kuzungulira bere lonse, napaka mankhwala akuda. Mphinizo sizinapole. Pobwerera a Lupiya anandilanda kathumba kanga n'kundinyamulira, ndipo pamtsinje anandipatsa dzanja kuti ndiwoloke. Ndinadziwa kuti mawu a sing'anga aja anawamva ali panja. M'mamawa mwake ndinatsika phiri mbali ina.

Panali malo ena pakati apa amene sindinakhalitse. Pena ndinasenda chimanga, pena ndinalondera mbuzi pamsika. Kulikonse kunkapezeka munthu wa maso, ndipo akangoyang'ana kawiri ine ndinkayamba kufunsa za njira.

Tauni imene ndinakhalitsamo inali ndi msewu umodzi wa phula, ndipo m'mbali mwake munali mashedi a owotcherera zitsulo. A Chikakuda, mwini shedi ina, anandilemba ntchito chifukwa sindinkafunsa zambiri. Anandipatsa ovololo yabuluu, yokhuthala, yotseka mpaka m'khosi. Sindinakondepo chovala ngati mmene ndinakondera chimenecho. M'kati mwake ndinkamanga nsanza pabala la pabere lija, ndipo kwa kanthawi ndinali mwamuna ngati amuna ena. Ndinaphunzira kuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, kumva ndi khutu ngati moto wagwira bwino, kupala chitsulo mpaka chisalale. Magalasi otchinga m'maso analipo amodzi, tinkabwerekana. Tizitsulo tikatigwera m'maso tinkachotsana ndi kansalu konyowa.

Dalaivala wina wa lole, wa kufupi ndi kwa Esinati, anandizindikira pashedipo.

"Mkazi wanu anakudikirani mvula zingapo," anatero. "Pano ali ndi mwamuna wina, wogula mbuzi, ndi mwana kumsana."

Ndinati zili bwino. Ndinavala magalasi aja n'kupitiriza kuwotcherera mpaka lole yake itachoka.

Ndiye unayamba msana. Unkapweteka osalekeza, ngakhale nditagona. Tsiku lina tikukweza geti pangolo, miyendo inangoti lefu, ndinakhala pansi. Anzanga anathamanga kudzandimasula ovololo kuti ndipitidwe mphepo. Ndinagwira zipi ndi manja awiri, ndikukuwa ngati akundibera. Anandisiya, akuyang'anizana.

"Kodi muli ndi chithumwa m'katimo?" anafunsa a Chikakuda.

Ndinati eya. Ndinaona kuti kuli bwino azinditenga ngati mfiti. M'mamawa mwake ovololo ndinaisiya pamsomali.

Ntchito zolemera zinandikanika. Ndinapezeka pamsika wa m'mbali mwa depoti, m'tauni ina kapena yomweyo, sindidziwa. Mayi Donata, ogulitsa kaunjika, ankafuna munthu woyala zovala ndi kuyang'anira akuba. Anandiphunzitsa kudziwa nsalu yabwino ndi chala, kuika zokongola pamwamba, kulola wogula achoke kaye kuti abwerere yekha. Nthawi imeneyo bala linali litayamba kununkha. Ndinkasamba m'mawa ndi masana, ndinkavala majekete a m'belo, ndinkakhala mbali imene mphepo ikulowera. Koma ntchentche zinkanditsata.

Tsiku lina masana, kulibe ogula, mayi Donata analankhula akupinda siketi, osandiyang'ana.

"Bambo, fungo limenelo ndikulidziwa. Mayi anga anamwalira nalo."

Ndinaimirira kuti ndizipita, monga ndinkachitira konse. Koma msana unakana, ndinakhalanso pabelo.

"Mupita kuti?" anatero. "Ndi bere?"

"Ndine mwamuna, mayi."

"Ndakuonani kuti ndinu mwamuna. Nanga amuna alibe mawere? Mawa sitiyala. Tikupita kuchipatala."

Kuchipatala anatilozera khonde lalitali. Pabenchi panali amayi okhaokha, ena atagwira pachifuwa, ena ali ndi ana awo aakazi. Ndinakhala kumapeto. Mayi wina anandimwetulira, nakodola mnzake.

"Taonani bambo awa, kuperekeza akazi awo. Athu aja angatero?"

Ine ndinayang'ana pansi. Kenako namwino anatuluka, naitana dzina langa mokweza, ndi "bambo" patsogolo pake. Amayi onse a pabenchi anatembenukira kwa ine. Kuchoka pabenchipo kukafika pachitseko ndinaona kutalika kuposa misewu yonse imene ndinayenda.

Dokotala anali mayi wachichepere, a Nyirongo. Ndinavula ndikuyang'ana khoma. Iwo sanatseke mphuno, sanafunsenso za mphini. Anatenga kanyama pang'ono ndi singano, ndipo patapita masabata anandiitana n'kundiuza kuti ndi khansa ya m'bere. Anati amuna imawagwiranso, ngakhale si ambiri, ndipo ine sindinali woyamba kukhala pampando umenewo.

"Chimene sindikudziwa ndi pamene yafika," anatero. "Msana wanuwu ukundidetsa nkhawa. Ndisanaganize zogwira mpeni ndiyenera kuona thupi lonse. Kumzinda waukulu kuli makina otchedwa MRI. Amaona m'kati mwa munthu kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, osang'amba paliponse."

Thupi lonse. Ine amene ndinathawa midzi chifukwa cha malo osakwana chikhatho.

Mayi Donata anandikweza basi, nabwerera ku kaunjika wawo. Mzindawo sindinauone bwino. Ndimangokumbuka magalimoto ndi makoma. Chipinda cha makinawo chinali chozizira ndi chowala. Woyendetsa makina, a Mwalwanda, bambo wa imvi zochepa, anandifunsa mafunso ambiri. Ngati ndinaikidwapo chitsulo m'thupi. Ngati ndinawomberedwapo. Ngati ndinagwirapo ntchito ya zitsulo.

"Ndinkawotcherera," ndinatero.

"Mwachita bwino kunena, bambo. Makinawa ndi maginito wamkulu. Ngati m'diso munatsalira kachitsulo, angathe kukasuntha."

Ananditumiza kaye kukajambulidwa ekisire ya maso. Ndinapita ndikupemphera chamumtima kuti akapeze kachitsulo, andibweze. Sanapeze kanthu.

Anandiuza kuti ndivule zonse, nandipatsa mkanjo wopyapyala womanga kumbuyo, wooneka ngati diresi. Anandigoneka chagada pakabedi kopapatiza, nandiyala zinthu ngati timphasa tolimba pachifuwa, pamimba ndi m'miyendo, namanga malamba. Kumutu anandivundikira ndi chinthu ngati dengu, m'makutu anaika zotsekera, m'dzanja anandigwiritsa kampira.

"Mukachita mantha finyani aka, ndibwera. Koma musagwedezeke, bambo, chithunzi chingawonongeke. Titenga nthawi ndithu."

Bedi linayenda lokha kulowa m'mphako yoyera. Denga lake linali pafupi ndi mphuno. Kenako phokoso: gu gu gu ngati chigayo, kenako ngati anthu ambiri akukhoma malata, kenako kulira kumodzi kwautali. Likaleka, bedi linkasuntha pang'ono, phokoso n'kuyambiranso. Ndinadziwa kuti ayambira kumutu, akutsika nane. Atafika pachifuwa manja anga anafuna kukwera kuti akaphimbe, koma malamba anawagwira. Mawu a a Mwalwanda anamveka m'makutu mwanga.

"Kokani mpweya. Gwirani. Gwiranibe. Pumani tsopano."

Zaka zonse zija ndinali ndisanakhalepo malo amodzi munthu akundiyang'anitsitsa. Apa panalibe kolowera. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo sindikanatha kuipukuta. Kaya ndinagona, kaya sindinagone. Ndinaona msewu wofiira ukudutsa m'kati mwanga, kuyambira kukhosi kutsikira kumsana, ndipo anthu ankayendamo atasenza njerwa ndi matabwa, osandiyang'ana, aliyense ali ndi kwake kopita. Kampira kaja sindinakafinye.

"Tamaliza," anatero a Mwalwanda, bedi litatuluka. "Mwagona bwino kuposa anthu ambiri." Anandimasula, nandifunditsa nsalu paphewa ndisanapemphe.

Nditabwerera kwa a Nyirongo, anatembenuza kompyuta kuti ndione. Panali munthu wotuwa ngati utsi, wopanda nkhope, manja ali m'mbali. Pathupi pake panali madontho akuda.

"Mutu ndi impsozi zimaoneka zakuda mwa aliyense, musaziope," anatero. "Koma ili ndi bere lija. Awa ndi a m'khwapa. Ndiye awa," chala chawo chinatsika pakati pa munthu wautsiyo, "ali m'mafupa a msana, lina lili panthiti. Chiwindi chili bwino. M'mapapo sitinaonemo kanthu."

"Ndiye mudula?"

"Kudula kokha sikungaichotse, yalowa kale m'mafupa. Kuti ithe yonse sitingathe, bambo, sindikunamizani. Koma mtundu wanuwu umamva mapiritsi. Tikhoza kuigwira kuti isathamange, msana tiuwotche ndi makina ena ululu uchepe, bala tizilisamala. Anthu amakhala nayo zaka."

Sindinafunse kuti ndikanabwera kale zikanatha bwanji. Iwonso sananene.

"Muli ndi abale? Ana, azichemwali?"

"Ana ndilibe. Achemwali alipo amodzi, aakulu kwa ine, a Filesi. Ali kumudzi kumene ndinabadwira. Sakudziwa kumene ndili."

"Ikagwira mwamuna, nthawi zina imakhala ya m'magazi a banja. Si nthawi zonse. Koma auzeni akayezetse. Muwauze dzina lake lenileni, osangoti mukudwala."

Ndinakhala nawo mawu amenewo masiku angapo. Kuvulira dokotala ndi kwina. Sakudziwa kwanu, sadzapita pachitsime cha m'mudzi mwanu. Koma tsiku lina masana ndinabwereka foni ya mayi Donata, ndinapita kuseri kwa depoti, ndinaimbira mwana wa achemwali kuti awapatse foni yake.

"Achimwene? Ndinu amoyo? Ife kuno tinatsala pang'ono kukulirani maliro!"

Analira, anandikalipira, analiranso. Ndinadikira kuti amalize.

"Achemwali, ndili ndi khansa. Ya m'bere. Bere lamanzere."

Ndinayembekezera kudabwa, kapena kuseka. Ndinkangomva nkhuku za kwathu.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, ngati pali munthu pafupi, "kamayamba bwanji?"

"Kambulu kolimba. Kosapweteka."



"Ine kanga kali kumanja. Kanayamba nthawi yokolola. Sindinauze munthu, ngakhale alamu anu."

"Yokolola ya chaka chino?"

"Ya chaka chino."

Ndinatsamira khoma la depoti. "Musapite kwa wina aliyense. Musalole munthu akutemeni mphini. Mawa mukwere basi, ndikudikirani pano."

"Ndikuchita manyazi, achimwene. Akandivula."

"Akakuvulani, eya. Inenso anandivula. Bwerani."

Anafika mawa lake dzuwa likuswa mtengo, atafunda chitenje paphewa. Anali atakalamba, nkhope ngati ya mayi athu. Sanandizindikire mpaka nditawalandira chikwama. Ndekha sindikanatha kuchinyamula, choncho tinachigwirira limodzi, wina uku wina uku.

Nawonso anawatenga kanyama ndi singano, nawonso anawauza dzina lomwelo. Poti ankadandaula msana, a Nyirongo anawatumiza kumzinda kuja. Ndinawaperekeza, ndinawauza za phokoso ndi za kampira, ndinakhala panja pa chitseko mpaka atatuluka, akuti m'makutu mukulirabe.

Tsiku la zotsatira anandikoka dzanja kuti ndilowe nawo. Pakompyuta panali munthu wina wautsi, wamfupi kuposa uja, wa m'chiuno mwamukulu. Anali ndi dontho limodzi, kumanja kwa chifuwa.

"Lili lokha," anatero a Nyirongo. "M'khwapa mulibe, m'chiwindi mulibe. Msanawo ndi wa khasu basi. Ili tidula, mayi, ndipo tili ndi chikhulupiriro chachikulu."

Achemwali anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine maso anga anali pamsana wa munthu wautsiyo. Ndinautsata kuyambira kukhosi mpaka pansi, fupa ndi fupa. Unali mbee.

Adokotala anatambasula dzanja kuti atembenuze kompyuta.

"Taimani kaye," ndinatero. "Ndiuonenso."